Kamera ya ku Indiana, magetsi a kwathu

Alamu anga amakhala ku Indiana, ku America. Ndi achimwene awo a mayi a kunyumba kwanga, ndipo chipitireni kumeneko sanaiwaleko kwawo. Tsiku lina anaimba foni pakati pa usiku, monga amachitira abale athu a kumeneko poiwala kuti kuno tagona, n'kunena kuti, "Alamu, kamera yanu ya matepi ija ipumeko tsopano. Ndakupezerani ya HD, mtengo wake anatsitsa. Ndipatsira munthu amene akubwera mwezi wa mawa."

Ine ntchito yanga ndi yojambula maukwati, zinkhoswe, nthawi zina makwaya ofuna kanema wa nyimbo zawo. Timagwira awiri ndi mnzanga wina, amene pa nthawiyo anali atagula kale kamera yake ya HD ku Johannesburg. Iye ankatenga chithunzi chowala ngati cha pa TV, ine ndikubwera pambuyo ndi matepi anga. Ndiye mungamvetse kuti usiku umenewo tulo sitinabwerenso.

## Inafika itakulungidwa m'masokosi

Kanali kakamera kakang'ono, kokwana m'dzanja, katalowetsedwa m'masokosi awiri kuti kasaphwanyike m'sutikesi. Pambali panali pomatidwa kapepala kolembedwa 1080. Ndinakayesa pakhonde dzuwa likuswa mtengo: ana akuthamangitsana, nkhuku zikupalasa, masamba a mtengo wa mango akuoneka mpaka timitsempha take. Aneba anabwera kudzadziona pa TV n'kumaseka makwinya awo omwe.

Chovuta chimene tinachiona tsiku limenelo chinali chimodzi chokha, pulagi. Ya ku America ili ndi timano tiwiri tapyapyala, pamene soketi zathu ndi za mano atatu a makona ngati za ku Britain. Adaputa ya pamsika inathetsa zimenezo. Pa tchaja panalembedwa 100–240V, 50/60Hz, kutanthauza kuti magetsi athu a 230 sangaiwotche ngakhale kwawo anazolowera 120. Tonse amene tinalipo tinagwirizana kuti kusiyana kwa mayiko kwathera pa pulagi.

## M'holo

Ukwati woyamba kuijambulira unali ku Lilongwe, Loweruka lotentha la mwezi wa October. Kutchalitchi zinayenda bwino, chifukwa mawindo anali aakulu ndipo kuwala kunali kwa dzuwa. Ku zithunzi za pakapinga, bwinonso. Zinthu zinasintha titalowa m'holo ya madyerero.

Okongoletsa anali atatseka mawindo onse ndi nsalu zoyera ndi zofiirira, kuchokera kudenga mpaka pansi. Kuwala konse kunkachokera ku machubu aataliatali aja, akale, ena akuda kunsonga, amene amalira ng'ii mukakhala chete. Ndi maso, holo inali yowala bwinobwino. Koma nditatsegula kasikirini ka kamera pamene aperekezi amalowa akuvina, ndinaona mizere yakuda yopingasa ikukwera pang'onopang'ono kuchokera pansi. Ikafika pamwamba, ina yayamba kale pansi. Dilesi la mkwatibwi limati likhale loyera, kenako lobiriwira pang'ono, kenako loyeranso. Makoma amaphethira.

Ndinazimitsa, ndinayatsa. Ndinachotsa batire n'kulibwezera. Ndinapukuta galasi ndi malaya. Ndinathamangira kwa mnzanga amene anali kumbuyo, kamera yake ili pa choimikira cha miyendo itatu, ndipo pa sikirini yake munalibe mzere ngakhale umodzi. Holo yomweyo, machubu omwewo, mkwatibwi yemweyo.

"Akugulira yakufa," anandinong'oneza. "Za mtengo wotsika zija."

Mnyamata wa zoimbira anati ayi, magetsi afooka. Mmodzi wa akomiti anati mwina inagundidwa m'ndege. Nthawi imeneyi perekani-perekani wayamba, mkulu wa mwambo akuitana a kuchikazi, ndalama zikuuluka, ndipo ine ndangoima pakati pa holo ndi thukuta lozizira. Mumtima ndinali nditayamba kale kukonza mawu okawauza alamu, ndipo mawu aliwonse amene ndimapeza amamveka ngati ndikuwanena kuti anandinamiza.

Pamzere wachiwiri panakhala bambo wina wachikulire, wa jekete la bulauni lalikulu kuposa mapewa ake. Ndinaona kuti maso awo sanali pa ovina, anali pa dzanja langa. Anandikodola.

"Mwana wanga, kamera imeneyi yachokera kuti?"

"Ku America, bambo."

"Ndaonera patali. Siinafe. Ikuwerenga 60, ife kuno tili pa 50. Ili ndi poti munthu n'kusintha shata yekha?"

Ndinawapatsa. Magalasi awo anali atawaiwala kunyumba, ndiye anabwereka a mayi amene anakhala nawo, a felemu yofiira yokhala ndi timaluwa m'mbali, n'kuwakhazika pamphuno osachita nawo manyazi. Chala chawo chinali chachikulu pa timabatani timeneto, moti amandiuza ine kuti ndidine. Tinachotsa kamera pa zodzichitira yokha, tinalowa pa shata, posinthira nthawi imene kamera imalowetsa kuwala pa chithunzi chilichonse, pomwe panali 1/60 ya sekondi. "Kwezani," anatero. Nambala yotsatira inali 1/100.

Mizere inatha nthawi yomweyo. Chithunzi chinada pang'ono, koma dilesi linakhala loyera n'kukhalabe loyera.

"Pitani mukajambule, a kuchimuna akulowa. Mubwere nthawi ya zakumwa ndikuuzeni."

## Kuseri kwa envelopu

Nthawi ya zakumwa ndinabwereradi. Anandiuza kuti zaka zambiri ankakonza ma TV ndi madeki a vidiyo ku Limbe, nthawi imene mavidiyo shoo anali paliponse. Anthu ankabwera ndi matepi otumizidwa kuchokera ku America n'kumadandaula kuti deki yafa chifukwa chithunzi chikugudubuzika kapena chikutuluka chopanda mitundu. "Deki inali yamoyo," anatero. "Tepi ndi imene imalankhula chilankhulo china."

Anatenga envelopu imene anabweretsera ndalama za perekani-perekani, n'kujambula kuseri kwake mzere wokwera ndi kutsika ngati mapiri. Zimene anandiuza ndi izi, ndazisanja m'mawu anga.

Magetsi amene ESCOM imatipatsa sayenda mbali imodzi. Amapita n'kubwerera maulendo 50 pa sekondi. Pa ulendo uliwonse, chubu chimawala kwambiri kawiri, popita ndi pobwerera, ndipo pakati pake chimazilala. Ndiye kuti m'holo muja munkawala ndi kuzilala ka 100 pa sekondi iliyonse. Diso la munthu silingazione. Kamera imaziona.

Kamera ya mnzanga, yogulidwa ku Johannesburg, imatenga zithunzi 50 pa sekondi, chilichonse ndi shata ya 1/50. Chithunzi chilichonse chimakolola kuwala kuwiri kwathunthu, ndiye zonse zimafanana. Yanga imatenga 60 pa sekondi, chifukwa kwawo magetsi amapita n'kubwerera ka 60. Gawani 100 ndi 60, simupeza nambala yathunthu. Chithunzi china chimapeza kuwala kochuluka, china kochepa. Ndipo popeza makamera ambiri a masiku ano amawerenga chithunzi mzere ndi mzere kuchokera pamwamba kutsika, kusiyanako sikuoneka ngati kuphethira kokha, kumaoneka ngati mizere yoyenda. Mukaika shata pa 1/100, mzere uliwonse wa chithunzi umapeza kuwala kumodzi kwathunthu, kaya wayambira pati. Mizere imatha.

Koma pali mtengo wake. Shata ya 1/100 imalowetsa kuwala kochepa kuposa 1/60, ndipo maholo athu ambiri ndi amdima kale. Kamera imadzikakamiza kuwalitsa chithunzi, n'kutulutsa timadontho tonga mchenga pa masuti akuda a aperekezi. Shata ya 1/50, imene ikanakhala yabwino koposa, pa menyu ya kamera yanga panalibe n'komwe.

Dzina la bamboyo sindinalifunse. Mkulu wa mwambo anaitana odula keke, ndinathamanga, ndipo pobwerera mpando wawo unali ndi munthu wina.

## HD imanena kukula, sinena liwiro

Chimene chinandivutitsa masiku otsatira n'chakuti ndinkamva anthu ambiri, ngakhale ogulitsa m'masitolo, akunena kuti nkhani ya PAL ndi NTSC, njira ziwiri zakale zoulutsira kanema, ina ya ku Ulaya ina ya ku America, inatha ndi ma TV a chimsana. Theka la mawu amenewa ndi loona.

Pamene wailesi ya kanema inkayamba, akatswiri anamangirira liwiro la zithunzi ku magetsi a dziko lawo, mwa zina pothawa vuto lomwe ndinakumana nalo m'holo. America inatenga 60, ndi mizere 525 yopanga chithunzi. Ku Ulaya anatenga 50, ndipo pambuyo pake anakhazikika pa mizere 625. Mu 1953, a ku America poika mitundu mu NTSC anatsitsa liwiro pang'ono kuti mitundu isasokonezane ndi mawu, n'chifukwa chake mpaka lero mumaona manambala achilendo aja, 29.97 ndi 59.94, m'malo mwa 30 ndi 60. PAL anaikonza Walter Bruch wa kampani ya Telefunken ku Germany, ndipo inayamba kuulutsidwa mu 1967 ku Britain ndi ku West Germany. Ife pamene Television Malawi imayamba mu 1999 tinalowa m'banja la PAL, monga anansi athu a ku Zambia ndi South Africa. Magetsi athu anali atasankha kale.

HD itabwera inathetsadi kusiyana kwa mizere. Kale chithunzi chooneka chinali cha mizere 576 kwa ife ndi 480 kwa a ku America. Lero 1080 ndi 1080 kulikonse, 720 ndi 720 kulikonse. Njira zakale zonyamulira mitundu nazonso zinapita. Chimene sichinapite ndi liwiro, chifukwa magetsi a m'makoma sanasinthe, ndipo nyumba zoulutsira kanema sizinataye zida ndi nkhokwe zawo. Pa bokosi amalemba 1080 ndi zilembo zikuluzikulu. Kumbuyo, m'timalemba tofunika magalasi a maluwa aja, ndi momwe mumapeza liwiro la zithunzi pa sekondi: 50i kapena 60i, 25p kapena 30p, 50p kapena 60p. Opanga makamera akupitirizabe kulemba PAL ndi NTSC m'mamenyu, ngakhale tsopano mawuwo amangotanthauza banja la 50 ndi banja la 60.

Amene munagulapo galimoto ya ku Japan mukuidziwa nkhaniyi. Galimoto ili bwinobwino, wailesi yake ikulira, koma manambala ake akuyambira pa 76 n'kuthera pa 90, ndipo masiteshoni ambiri a kuno ali pamwamba pa pamenepo mpaka mutaikitsa kachida kowonjezera. Wailesiyo siinawonongeke. Inapangidwira kwina.

Za Japan pali kanthu kena kondiseketsa. Dziko lomwelo lili ndi magetsi a mitundu iwiri: ku Tokyo ndi kum'mawa ndi 50, ku Osaka ndi kumadzulo ndi 60, chifukwa kalekale mizinda iwiriyi inagula makina opangira magetsi kosiyana, wina ku Germany wina ku America. Koma kanema wa ku Japan konse ndi wa 60. Ndiye wojambula ukwati ku Tokyo amalimbana ndi mizere yomweyo, ndipo mankhwala ake ndi omwewo a bambo a ku Limbe aja.

## Pa kompyuta chithunzi chinayamba kutsimphina

Ndinkaganiza kuti 1/100 yandiwombola. Vuto lachiwiri linali kundidikira pokonza kanema.

Tinali ndi makamera awiri, ina ya 50 ina ya 60, ndipo kanema wa ukwati ndi mmodzi. Pulogalamu yokonzera imafunsa poyamba penipeni kuti ntchitoyi ikhale ya liwiro lanji. Tinasankha 50, popeza eni ukwati ankafuna DVD yoonera kunyumba, komanso amafuna kachidutswa kakaulutsidwe pa TV. Kuti zithunzi 60 zikwane m'malo a 50, kompyuta imataya chimodzi pa zisanu ndi chimodzi zilizonse, kapena imasakaniza ziwiri kukhala chimodzi. Munthu akakhala phee akulankhula, simuona kanthu. Koma ukwati wa kwathu si wa anthu okhala phee. Pamene aperekezi akuponya sitepe, kapena kamera ikuyenda kuchokera ku gome la akwati kupita kwa makolo, chithunzi chimadumpha pang'ono nthawi ndi nthawi. Mukasankha zosakaniza, mkono wa wovina umaoneka pawiri.

Anthu wamba sangakuuzeni dzina la vutoli, koma amaliona. Mayi ake a mkwatibwi, titawaonetsa, anangoti, "Koma pena pakumakhala ngati pakukoka." Ananena zoona. Malo onse amene amakoka anali a kamera yanga.

Mapulogalamu a masiku ano amatha kupeka zithunzi zapakati, ndipo amachita bwino kuposa a nthawi imeneyo, ngakhale pa nsalu za mizeremizere ndi pa ndalama zouluka amasokonezekabe. Komanso amadya nthawi. Laputopu ikamagaya kanema wa maola atatu usiku wonse, magetsi n'kuzima pakati, mumayambiranso.

Nthabwala yake inabwera pambuyo. Mwa abale a mkwati munali ena okhala ku America, ndipo tinawatumizira DVD yomweyo. Anaimba foni kuti ikukana. DVD ya PAL ndi ya 720 kwa 576 pa zithunzi 25, ya NTSC ndi ya 720 kwa 480 pa 29.97. Timapuleya totsika mtengo ta m'masitolo athu timadya zonse ziwiri osafunsa, ndipo ma TV ogulitsidwa kumayiko a 50 nthawi zambiri amalandiranso 60. Za ku America zambiri sizibweza ulemu umenewu. Tinachita kukonza kanema wachiwiri wa 60, ndipo mmenemo kamera yanga ndi imene inkayenda mosalala, ya mnzanga n'kumatsimphina.

Ngati ntchito yanu yonse imathera pa YouTube, Facebook ndi WhatsApp, gawo ili lisakudetseni nkhawa kwambiri. Kumeneko amalandira 25, 30, 50 ndi 60 mofanana. Chachikulu n'chakuti makamera onse a tsiku limodzi akhale a banja limodzi.

## Za makhadi ndi mafayilo, mwachidule

Izi sizikhudza kumene kamera yagulidwa, koma amene akugula kunja amakumana nazo yekha, popanda wa sitolo womufunsa.

Makamera ambiri a HD a anthu wamba a nthawi imeneyo amajambula mu AVCHD, njira imene Sony ndi Panasonic anaikhazikitsa mu 2006. Mafayilo ake amathera ndi MTS ndipo amabisala mkati mwa foda ya PRIVATE. Mukawaika pa fulashi n'kupatsa kasitomala, ma TV ena ndi mafoni ena amakana kuwatsegula, ndiye mumayenera kuwasandutsa MP4. Pokopera, tengani foda yonse, osati mafayilo okha. Ulaliki wautali kamera imaudula m'zidutswa chifukwa makhadi a SDHC salola fayilo yoposa 4GB, ndipo timafayilo ting'onoting'ono tooneka topanda ntchito tija ndi timene timauza pulogalamu kalumikizidwe kake. Mukatitaya, polumikiza pamadukiza mawu, nthawi zambiri pamene abusa afika pa malumbiro.

Wina akakuuzani kuti wakupezerani kamera ya HD yotchipa zedi pa intaneti, funsani ngati si ya HDV. Imeneyo ndi HD yeniyeni, koma ya pa matepi a MiniDV, ndipo imatulutsa kanema kudzera pa waya wa FireWire, amene malo ake olowetsa simuwapezanso pa malaputopu a lero. Za ku Japan nazo, zogulitsidwa mkati mwa dzikolo, zina menyu yake ndi ya Chijapanizi chokhachokha. Ndipo pepala la waranti la ku America kuno ndi pepala chabe. Ikawonongeka muyenera kudikira wina wopita.

## Kuwauza alamu

Gawo lovuta silinali la manambala. Munthu wadzimana, wayenda m'masitolo kunja kukuzizira, wakupezera chinthu, wapempha mnzake kuti akunyamulire. Iwe ukamuuze kuti chinthucho n'chosayenera kuno? Mayi a kunyumba anandichenjeza kuti ndisayerekeze. "Achimwene angoti ndinu osayamika."

Ndinakhala chete miyezi ingapo. Chimene chinanditsegula pakamwa n'chakuti alamu anaimbanso, nthawi ino akufuna kugulira kwaya ya kumpingo kwawo kumudzi kamera ngati yomweyo. Pamenepo kukhala chete kukanakhala kuwaponyetsa ndalama kawiri. Ndinayamba ndi kuthokoza, monga mwa mwambo, n'kuwauza za masamba a mango ndi makwinya a aneba. Kenako ndinawafotokozera za bambo a jekete la bulauni.

Anakhala kaye chete. Kenako anaseka. "Alamu, ndiye miyezi yonseyi mumangovutika osanena? Wa m'sitolo anandiuza kuti HD ndi HD."

Wa m'sitoloyo sananame mwadala. Munthu amene moyo wake wonse wakhala pa 60 alibe chifukwa chodziwira kuti kwina kuli 50. Ndipo abale athu a kunja amagula zimene zili pa shelefu ya kumene ali. Udindo wofunsa ndi wa ife olandira, ndipo uyenera kuchitika katundu asanagulidwe, pamene funso likadali funso osati dandaulo. Paja safunsa anadya phula.

Lero wina akandiuza kuti m'bale wake akufuna kumutumizira kamera, ndimamuuza kuti apemphe chithunzi cha kumbuyo kwa bokosi kapena nambala yonse ya modelo, mpaka chilembo chomaliza. Canon inatipeputsira ntchito: makamera ake a ku America amatchedwa Vixia, a ku Ulaya ndi mayiko a 50 amatchedwa Legria, ngakhale thupi lake ndi limodzi. Pa ma Handycam ambiri a Sony, chilembo E kumapeto kwa nambala chimasonyeza kuti ndi ya 50. Ngati wogulitsa sakudziwa, atsegule menyu ajambule pamene pali liwiro. Mukaona 25 ndi 50, ndi yathu. Mukaona 30 ndi 60 zokha, ndi ya eni ake.

Dziko limene ikugulidwa limakupatsani kale chithunzithunzi. Britain, Ireland, Germany, South Africa, Tanzania, India, China ndi Australia ndi a 50. America, Canada, Japan ndi South Korea ndi a 60. Ku Dubai magetsi ndi a 50, koma m'misika ya kumeneko mumalowa katundu wa kulikonse, ndiye musadalire dzina la mzinda, onani bokosi.

Kwa amene ali ku America ndipo sangagule kwina, njira ilipo. Makamera akuluakulu a akatswiri ambiri amasintha pakati pa 50 ndi 60. Makamera ojambula zithunzi amene amathanso kanema, awa osintha magalasi, ambiri ali ndi posankha NTSC kapena PAL pa menyu. Ena mukasintha amafuna kufufuta khadi lonse, choncho musasinthire m'holo muli ndi kanema wa kutchalitchi momwemo. Timakamera ting'onoting'ono ta m'dzanja totsika mtengo ndi timene kawirikawiri timabwera titakhomeredwa mbali imodzi.

Kwaya ya kumudzi ija inalandira kamera kuchokera kwa msuweni wina wa ku Manchester, alamu atamutumizira ndalama.

## Anyamata a mafoni, ndi jenereta

Achinyamata amene ndimagwira nawo tsopano amandiseka ndikayamba nkhaniyi. Amati madala, zimenezo n'zakale, foni imajambula paliponse. Mafoni ambiri amajambuladi pa 30 kapena 60 ngakhale kuno, ndipo amabisa kuphethira posintha shata okha. Koma muwaone akafuna kanema woyenda pang'onopang'ono pansi pa mababu a LED otchipa, aja ogula pamsika: chipinda chonse chimathwanima ngati disiko. Pa iPhone pali posankha pobisika m'masetingi a kamera poti mutsegule maliwiro a PAL, n'kupeza 25. Ndikawaonetsa amadabwa kuti zinalipo nthawi yonseyi. Machubu atsopano ndi ma LED abwino saphethira mooneka, n'zoona, koma wojambula sasankha mababu a holo.

Kamera ya ku Indiana sindinaitaye. Panja, pa dzuwa, ilibe mlandu ndi munthu, ndipo zinkhoswe zambiri zimachitikira pabwalo. Ntchito ikakhala ya abale a ku America okhaokha, ndi imene ndimatenga. Ndimangoonetsetsa kuti tsiku limenelo isakumane ndi ya 50 pa kompyuta.

Ndipo ndisakunamizeni kuti kamera ya 50 imathetsa zonse. Magetsi akazima pakati pa madyerero, amayatsa jenereta. Kajenereta kakang'ono kamapereka 50 pokhapokha injini ikuzungulira ka 3000 pa mphindi, ndipo katundu akachuluka imatsika, akachepa imakwera. Zoimbira zikagunda mwamphamvu, firiji ya zakumwa n'kudzuka nthawi yomweyo, 50 uja amasanduka nambala ina, ndipo mizere imayamba kuyenda ngakhale pa kamera yogulidwa ku London. Pamenepo shata ilibe chonena. Ndimanyamula nyale yangayanga ya batire yowalitsira gome la akwati, ndipo nthawi yodula keke ikayandikira ndimapita kwa mkulu wa komiti ya zakudya kukapempha kuti azimitseko firiji kwa kanthawi. Ena amavomera. Ena amandifunsa ngati ndine amene ndikayankhe alendo akapeza Fanta wotentha.